Tiyi ya m'basi ndi mimba zathu: kodi injini ndiyo yafooka?

Lacisanu lapitali madzulo, basi ya ku Chelstone ikali kuyembekeza kudzala pa Kulima Tower, munakwela mnyamata wovala tayi, cikwama cili m'manja. Tonse tinayesa ni mlaliki, ndipo ena anayamba kale kusakila makoini a copeleka. Koma m'malo mwa Baibo anatulutsa tumapaketi twa tiyi. Ati tiyi imeneyi ishoka mafuta, isungunula mimba m'masabata awili, ndipo iutsa thupi limene linagona. Amai amene ndinapanikizana nao pampando, a zaka za m'ma 40, anagula tuwili osanenelela ndi mtengo womwe. Titapitilila pa Manda Hill anandiyang'ana n'kunena kuti: "Mwana wanga, ine nimadya ka nsima kang'ono cabe, koma ona mimba iyi. Thupi yanga inaleka kushoka vakudya monga kudala."

Mau amenewa si acilendo. Amamveka m'masaluni, m'maofesi, pa malilo, ndipo pa Facebook pali anthu amene akumangila nyumba pa mau omwewa. Cikhulupililo cake n'cakuti munthu akafika zaka zakutizakuti moto wa m'thupi umazilala, ndiye ciliconse cimene wadya cimangosanduka mafuta. Amai aja sananame kuti m'thupi mwao muli cimene casintha. Koma zimene madokotala apeza zionetsa kuti kawilikawili moto umakhala ulipo ndithu. Cimene cimasokonekela ni kumene cakudya cimapita cikalowa m'magazi, ndipo pakati pa nkhani imeneyi pali insulin. Kudziwa kusiyana kumeneku ndiko kungauze munthu ngati ndalama yake aipeleke kwa wa tayi kapena apite nayo kukapimitsa magazi.

Tiyambe ndi moto umene akuti wazima. Thupi limawononga mphamvu m'njila zitatu. Gawo lalikulu, pakati pa 60 ndi 70 pa 100, limatha munthu ali phee, olo ali mtulo: mtima kugunda, mapapo kupuma, impso kusefa, ciwindi kugwila nchito yake, ubongo kuganiza za lendi. Ubongo wokha umatenga pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a mphamvu za munthu amene akupumula. Zili monga basi imene yaima pa siteshoni injini ikulila. Siyenda, koma dizilo ikutha. Gawo laciwili, pafupifupi 10 pa 100, limatha pogaya ndi kusunga cakudya cimene tadya, n'cifukwa cake munthu amamva kutentha akamaliza nsima. Zotsalazo ndiye za kuyenda, kunyamula, kucapa, kuthamangila basi.

Mu 2021 magazini ya Science inafalitsa kafukufuku wamkulu wotsogoleledwa ndi Herman Pontzer wa pa Duke University ku America. Iye ndi anzake anasonkhanitsa miyezo ya anthu oposa 6,400 a m'maiko 29, kuyambila makanda mpaka nkhalamba za zaka 95. Anapeza kuti, ukaganizila kukula kwa thupi, mphamvu imene munthu amatentha pa tsiku sisintha kwenikweni kuyambila zaka 20 mpaka 60. Imayamba kutsika pambuyo pa 60, ndipo pang'onopang'ono, osafika ndi 1 pa 100 pa caka. Conco mimba imene imabwela pa zaka 35 kapena 45 tisainamizile ukalamba wa injini. Palinso cina cimene wa tiyi sangakuuzeni: munthu wonenepa amatentha mphamvu zambili pa tsiku kuposa woonda, pakuti thupi lalikulu limafuna zambili kuti likhale moyo ndi kudzinyamula. Rosa imamwa dizilo kuposa Hiace.

Manje ngati injini ili bwino, calakwika n'ciani?

Tikadya nsima, buledi, laisi, kandolo, kapena kumwa tiyi ya shuga, zonsezo zimasanduka shuga wa m'magazi. Pamenepo kapamba, ciwalo cokhala kumbuyo kwa cifu cimene ku cipatala amati pancreas, kamatulutsa insulin. Nchito ya insulin ili ngati ya kondakita: imatsegula citseko kuti shuga acoke m'magazi alowe m'minofu, mmene amatenthedwa kapena kusungidwa. Minofu ndiyo imatenga shuga wambili tikadya. Koma insulin ili ndi nchito zina ziwili zimene sizikambidwa kawilikawili. Imauza ciwindi kuti cileke kupanga shuga wake pakuti cakudya cafika. Imauzanso nkhokwe za mafuta, pamimba, m'matako ndi m'nchafu, kuti zitseke mpopi, zisatulutsile mafuta m'magazi.

Cimene madokotala amati insulin resistance n'cakuti ziwalo zimenezi zimayamba kugontha. Insulin ikugogoda, citseko cikutseguka pang'ono cabe. Kapamba kakaona conco kamaonjezela insulin, ndipo kwa zaka zambili kamakwanitsa kusunga shuga pamlingo wabwino. N'cifukwa cake munthu angapimidwe pa cala n'kuuzidwa kuti ali bwino, pomwe m'kati zinthu zinayamba kale kusokonekela. Matenda a shuga a mtundu waciwili, amene ali ndi anthu 9 mwa odwala shuga 10 alionse, amaonekela pamene kapamba katopa. Ofika pa kiliniki ali ndi shuga wokwela amaona ngati matenda abwela usiku umodzi, koma anakhala akuyenda nao kwa zaka.

Mafuta amalowa m'nkhaniyi motele. Munthu aliyense ali ndi malile ake a mafuta amene angasunge bwinobwino pansi pa khungu. Ena nkhokwe yao ni yaikulu, ena ni yaing'ono, ndipo zimayendela mtundu. Nkhokwe zikadzala n'kuleka kumvela insulin, mpopi uja sutsekeka. Mafuta amadonthela m'magazi usana ndi usiku, n'kukakhala kumene sayenela: m'ciwindi, m'minofu, kuzungulila matumbo, ngakhale m'kapamba momwe. Mafuta a m'kati mwa minofu ndi ciwindi ndiwo amasokoneza uthenga wa insulin. Kugontha kukakula mafuta amadontha kwambili, mafuta akaculuka kugontha kumakulilako. N'cifukwa cake mimba yotulukila kutsogolo imadetsa nkhawa madokotala kuposa matako ndi nchafu.

Kale mu 1963 Philip Randle ndi anzake ku Cambridge anaonetsa kuti shuga ndi mafuta amapikisana m'minofu: mafuta akaculuka, mnofu umacepetsa kutentha shuga. Ife a mu Lusaka amene tinaona malaiti akupita maola ambilimbili mu 2024, madzi atacepa ku Kariba, tingamvetse msanga zimene zimacitika. Nyumba yokonzeka imaphika pa sitovu malaiti akakhalapo, akapita imayatsa mbaula mosataya nthawi, ndipo nsima imapsa ndithu. Thupi labwino limacita cimodzimodzi. Usiku ndi pamene tili ndi njala limatentha mafuta, tikadya limatembenukila ku shuga. Minofu yogontha ku insulin imalephela kusintha bwino: pa njala siitentha mafuta mokwanila, ikadya siitenga shuga mokwanila. Mphamvu yonse imene munthuyo watentha pa tsiku ingafanane ndi ya mnzake, koma shuga amacedwa m'magazi ndipo mafuta amaunjikana kumene amawononga.

Pali pamene amai aja analondola pang'ono. Kutentha kuja kwa pambuyo pa cakudya kumacepako mwa anthu amene insulin siikugwila bwino. Koma kusiyana kwake n'kocepa, sikufika ndi pa citumbuwa cimodzi pa tsiku. Cimene cimacepa kwambili ni kuyenda. Thupi likalemela, mawondo akayamba kuwawa, tulo tikamabwela masana pambuyo pa cakudya, munthu amayamba kukwela basi pamtunda umene kale anali kuponda, amatuma mwana ku kantemba, amakhala pansi. Palibe amene amaona tsiku limene zinayambila.

Ndiye pali cinthu coopsa cimene cifunika kunenedwa momveka. Shuga akafika poipa, thupi limayamba kutaya mphamvu zambili kuposa kale. Ciwindi, posamva insulin, cimapanga shuga usiku wonse, ndipo nchito imeneyo imadya mphamvu. Shuga wa m'magazi akapitilila pafupifupi 10 pa kamakina kopimila, impso zimalephela kumubweza ndipo amatayikila m'mikodzo. Munthu amadya, amamwa madzi maningi, amauka kanai usiku kukakodza, ndipo amaonda. Ngati anali kumwa tiyi ya m'basi, adzaitamanda kuti yagwila nchito, adzagula ina, adzauzako ndi anzake ku chalichi. Ngati sanali kumwa, m'komboni mudzayamba manong'onong'o amene tonse tiwadziwa, pakuti m'dziko lino kuyambila zaka za m'ma 1980 kuonda kunapatsidwa dzina limodzi cabe. Manyazi amenewo apangitsa ena kubisala m'nyumba ndi matenda amene kamakina ka pa kiliniki kakanawaona m'mphindi imodzi. Mantha omwewo ndiwo anatiphunzitsa kuyamikila mimba. Mukakumana ndi mnzanu wa kusukulu mu Cairo Road, moni wake ni wakuti: "Iwe mudala, waina! Vinthu viyenda bwino, ayi?" Ndipo nonse mumaseka mokondwa.

Tsopano mafuta a m'magazi amene amalembedwa pa pepala la ku labu. Ambili timangodziwa cholesterol. Koma amene amayendela limodzi ndi kugontha kwa insulin ni awili: ma triglyceride, amene amakwela, ndi HDL, mtundu wa cholesterol wothandiza kucotsa mafuta m'mitsempha, umene umatsika. Mu 1988 dokotala wa ku Stanford, Gerald Reaven, anaonetsa kuti zimenezi, pamodzi ndi BP yokwela ndi shuga wokwela, zimakonda kupezeka mwa munthu mmodzi, ndipo muzu wake ni insulin imene siikumveka. Ma triglyceride akafika 1.7 kapena kuposa amaonedwa kuti akwela. HDL ikatsika pansi pa 1.0 kwa mwamuna kapena 1.3 kwa mkazi, yacepa.

Munthu akamva kuti mafuta a m'magazi akwela amathamangila kuleka nyama ndi saladi. Kucepetsa zokazinga n'kwabwino, pakuti galamu imodzi ya mafuta ili ndi mphamvu yoposa kuwilikiza kawili ya galamu ya shuga. Koma ma triglyceride ambili amatulutsidwa ndi ciwindi, ndipo zimene zimacikankha kwambili ni shuga wa m'zakumwa, ufa woyela ndi mowa. Mwamuna amene amadzitama kuti iye sadya za mafuta, koma Lacisanu lililonse kileti ili pansi pa tebulo, ciwindi cake cikumupangila mafuta amene anawakana pa mbale.

Palinso msampha wina wokhudza ife eni. Miyezo yambili imene madokotala amagwilitsa nchito inacokela kwa azungu. Ofufuza monga Anne Sumner ku America ndi Julia Goedecke ku Cape Town aonetsa kuti anthu akuda kawilikawili amakhala ndi ma triglyceride otsika ngakhale pamene insulin yao siikugwila bwino. Conco pepala lokamba kuti mafuta ali bwino silitanthauza kuti shuga ali kutali. Ndipo mu Africa muli anthu ambili odwala shuga amene sananenepepo ciyambile. Woonda amene akuwelenga nkhaniyi uku akuyang'ana mnzake wa pampando asafulumile kuseka. Cizindikilo cina cimene anthu amaciphonya ni khungu lakuda, lokhuthala, kumbuyo kwa khosi kapena m'khwapa. Ena amalikwecha ndi mwala poyesa ni litsilo, ena amagula mafuta oyeletsa, pomwe kawilikawili ni insulin yoculuka m'magazi.

Kodi ni anthu angati? Mu 2017 Unduna wa Zaumoyo, mothandizidwa ndi WHO, unacita kafukufuku wa STEPS m'dziko lonse pakati pa anthu a zaka 18 mpaka 69. Pafupifupi munthu mmodzi mwa anai anali wonenepa mopitilila muyezo, ndipo pakati pa akazi anali mmodzi mwa atatu. Pafupifupi mmodzi mwa asanu anali ndi BP yokwela, ndipo 6 pa 100 anali ndi shuga wokwela. Ikani ziwelengelo zimenezi mu Hiace ya anthu 16: anai alemela mopitilila, atatu BP ili pamwamba, mmodzi shuga wakwela. Ndipo izo ni za dziko lonse, kuphatikizapo midzi kumene anthu akali kugwila khasu. Kunenepa m'matauni n'kokwela kuposa pamenepo.

Amai aja anati amadya nsima yocepa, ndipo ine ndawakhulupilila. Koma tsiku la munthu wa m'tauni silikhala la nsima yokha. Amauka 05:00, amamwa tiyi ya masupuni atatu a shuga ndi buledi. Pa siteshoni vitumbuwa viwili. Masana chips ndi soseji, kapena bani ndi cakumwa cozizila, pakuti ndizo zapafupi ndiponso zacangu. Madzulo, m'jamu ya pa Great East, Lumumba kapena Kafue Road, mnyamata wogulitsa pawindo amabweletsa maheu kapena ka energy drink. Zakumwa zambili zotsekemela zimakhala ndi magalamu pafupifupi 10 a shuga pa mamililita 100 alionse, conco botolo la 500 lingakhale ndi tumasupuni 12, amene ndiwo malile a tsiku lonse amene WHO imalangiza munthu wamkulu. Welengani pa botolo mudzionele nokha. Cakumwa sicikhutitsa, n'cifukwa cake sitimaciwelengela ngati cakudya. Nsima ya usiku imafika 21:00, kenako kugona maola asanu, ndipo kucepa kwa tulo nakonso kumacepetsa kumva kwa insulin. Sindikuseka munthu aliyense pano. Tsiku limene ndafotokozali ni langa lomwe, kucotsako cabe maheu.

Nkhani ya kukhala pansi inayambila m'mabasi momwe. Mu 1953 dokotala Jeremy Morris anafalitsa zimene anapeza pakati pa anchito a mabasi osanja a ku London. Makondakita, amene anali kukwela ndi kutsika masitepe tsiku lonse, anali kudwala mtima mocepa kuposa madilaiva amene anali kukhala pa shifiti yonse, ndipo imfa za mwadzidzidzi zinali zocepa kwambili pakati pao. Yang'anani kutsogolo kwa basi imene mwakwela. Kondakita, amene amadumpha pa siteji iliyonse, kuthamangila makasitoma ndi kunyamula masaka, kawilikawili ni woonda ngati bango. Ba dilaiva akhala pa mpando kuyambila kukali mdima, botolo la energy drink lili pa dashibodi. Ndipo loto la kondakita aliyense ni kudzakhala dilaiva. Mu Lusaka kukwezedwa pa nchito kumatanthauza kupatsidwa mpando.

Cifukwa cake cimadziwika tsopano. Mnofu ukamagwila nchito umatsegula wokha citseko ca shuga osadikila insulin, ndipo kwa tsiku limodzi kapena awili pambuyo pake umamva insulin bwino. Kuyenda kumathandizanso kucotsa ma triglyceride m'magazi. Apa mpamene ambili amagwa mphwayi, pakuti amayenda mwezi wathunthu sikelo osatsika. Pontzer yemwe uja anapeza mu 2012 kuti a Hadza a ku Tanzania, amene amayenda mitunda italiitali posaka nyama ndi kukumba mizu, amatentha mphamvu pa tsiku zofanana ndi za anthu a ku America ndi ku Ulaya a thupi lofanana. Zioneka kuti thupi limadziwa kusunga kwina zimene lawononga kwina. Koma matenda a shuga ndi BP ni osowa pakati pa a Hadza. Phindu la kuyenda limayamba kuonekela m'magazi, sikelo imatsatila mocedwa, nthawi zina siitsatila n'komwe.

Umboni wamphamvu unacokela ku kafukufuku wa ku America wochedwa Diabetes Prevention Program, wofalitsidwa mu 2002, wa anthu oposa 3,000 amene shuga wao anali pamalile. Amene anathandizidwa kuyenda mphindi 150 pa sabata ndi kucepetsa thupi ndi 7 pa 100 anacepetsa ngozi yodwala shuga ndi 58 pa 100. Amene anapatsidwa mapilisi a metformin anaicepetsa ndi 31 pa 100. Kwa munthu wa makilo 90, gawo limenelo ni makilo 6 cabe, osati thupi la pa cithunzi ca paketi ya tiyi. Mphindi 150 ni 30 pa tsiku kwa masiku asanu, zimene kwa ambili a ife ni kuselukila masiteji awili kumbuyo kwa siteji yathu. Koma kudzimana cakudya masiku ambili n'kumene kumafooketsadi injini: thupi limacepetsa moto, minofu imatha, ndipo munthu akayambanso kudya mafuta amabwelela pa thupi limene lili ndi minofu yocepa yotengela shuga.

Nanga tiyi ija? Ndinapempha amai aja kuti ndione paketi. Panalibe mndandanda wa zimene zili m'kati, panalibe dzina la wopanga, panali cithunzi ca mimba yosalala ndi nambala ya foni. Matiyi ambili a mtundu umenewu amakhala ndi masamba otsegula m'mimba monga senna, kapena okodzetsa. Sikelo imatsika ndithu, koma cimene catuluka ni madzi ndi za m'matumbo, ndipo kwa munthu amene shuga wake wakwela kale kutaya madzi n'koopsa. Tisaiwale kuti mu 2019 boma linaletsa energy drink ina yopangidwa ku Ndola itapezeka kuti ili ndi sildenafil, mankhwala a mu Viagra. Ico cinali cakumwa ca pa fakitale, ca dzina ndi adilesi. Nanga bwanji paketi yopanda dzina? Bungwe la ZAMRA ndilo limayang'anila mankhwala m'dziko muno, ndipo maganizo anga ni akuti mabasi ndi masiteshoni afunika kuwelengedwa monga msika wa mankhwala, pakuti ndimo malonda amenewa akucitikila.

Mau ocepa kwa amene akumwa ma ARV. N'zoona kuti mankhwala a masiku ano okhala ndi dolutegravir amanenepetsa anthu ena, makamaka akazi. Ico si cifukwa colekela, olo tsiku limodzi. Ni cifukwa copempha kuti pa ulendo wokatenga mankhwala akupimeninso shuga, BP ndi ciuno.

N'zosavuta kuuza anthu kuti adye bwino ndi kuyenda, koma tauni ino siinamangidwe motelo. Taona mafulaiova pa Munali, Arcades, Longacres ndi Makeni, ndipo mamotoka athandizika. Koma amene akhala ku Kanyama kapena ku Chawama adziwa kuti nthawi ya mvula kuyenda pansi kumafuna magambuti, ndipo mkazi amene waseluka masiteji awili kumbuyo pa 20:00 m'njila yopanda malaiti akudziika pa ngozi ina. Msonkho wa zakumwa unayamba mu 2019 pa 30 ngwee pa lita. Pa botolo la 500 imeneyo inali 15 ngwee, ndalama imene ngakhale kondakita sangakanganile. Ngati colinga cinali kupeza ndalama za boma, cinatheka. Ngati cinali kusintha zimene timamwa, wogula sanamve kanthu. Ndipo shuga wathu wa pa tebulo, amene kuyambila 1998 amaikamo vitamini A, pali makolo amene amamuona ngati mankhwala a ana.

Pa mbale ya kunyumba, zimene zingathandize si zodula nthawi zonse. Unga wa roller kapena mgaiwa uli ndi gaga amene breakfast anacotsedwa, ndipo kawilikawili ndiwo wochipa. Cimatiletsa ni manyazi akuti aneba adzati zinthu zavuta. Komabe roller nayenso ni shuga akalowa m'magazi, conco kukula kwa mtanda kukali nkhani. Nyemba, kapenta, nshawa, cibwabwa, kalembula, bondwe, impwa ndi delele zimacedwetsa shuga kulowa m'magazi, ndipo ndiwo zikaculuka pa mbale nsima imacepa yokha. Vuto lenileni ni la banja limene limagula pamela ndi kasaladi ka m'kapulasitiki tsiku ndi tsiku. Kumeneko nsima imakula cifukwa ndiwo zacepa, ndipo malangizo a m'nyuzipepala sasintha mtengo wa kapenta pa Soweto.

Cimene aliyense angacite lelo osalipila ni kutenga cingwe, kucidula molingana ndi msinkhu wake, kucipinda pakati n'kucizunguliza pamimba camwamba pang'ono pa mcombo. Ngati nsonga zake sizikumana, mimba yapitilila theka la msinkhu, ndipo ni nthawi yopita kukapimitsa, makamaka ngati m'banja muli wa shuga, kapena kwa mai amene shuga anakwelapo ali ndi pakati. Kupima kodalilika ni kwa m'mawa munthu asanadye kanthu kwa maola 8. Shuga wa 7.0 kapena kuposa, akatsimikizidwa kaciwili, ni matenda a shuga, wa 6.1 mpaka 6.9 ni cenjezo, ndipo apo mpamene kuyenda ndi kusintha mbale kumagwila nchito kwambili. Mafuta a m'magazi amafuna labu, conco funsani ku kiliniki kumene mungapimitse, ndipo amene ali ndi NHIMA afunse zimene ingawalipilile.

Zina mwa izi ndinayesa kuwauza amai aja tisanafike pa Munali, pamene anali kuseluka. Anamvetsela bwinobwino, tumapaketi tuli m'kacikwama, kenako anati: "Vamene ukamba nivamva, mwana wanga. Manje nikayenda ku kiliniki kuseni, pa stand panga pazankala ndani?" Ndinalibe yankho. Caka ciliconse pa 14 November, tsiku lokumbukila matenda a shuga padziko lonse, pamakhala maulendo a pamseu ndi kupima kwaulele, ndipo n'zabwino. Koma anthu amene sangataye tsiku la malonda amapezeka pa Kulima Tower, City Market, Lumumba ndi Millennium pa 06:00, ambili asanaike kanthu m'kamwa, imene ndiyo nthawi yeniyeni yopimila shuga. Tebulo limodzi, nesi mmodzi ndi kamakina pafupi ndi mzela wa mabasi zingakumane ndi anthu omwewo amene wa tayi amakumana nao madzulo alionse.